Ntchentche za ku Bembeke Zimadzuka Mochedwa

Buku limene anandipatsa kusukulu
linalembedwa kudziko kumene madzi amauma gwa ngati mwala.
Limati tsiku lachitatu mimba imatupa,
lachisanu khungu limasupuka.
Wolembayo sanakwerepo Khwekhwerere.

Ine ndakwera, ndatsika, zaka zinayi tsopano,
tiana ta nkhumba tiwiri m'bokosi kumbuyo kwa njinga yamoto,
tofa ola limodzi, ndi mpeni umodzi.
Kena ndimakagoneka m'khola la waya ku Golomoti,
kanzake pansi pa mapaini ku Bembeke.
Ka kuchigwa kamathamanga:
dzuwa lisanapendeke ntchentche zobiriwira zakhala kale pasiwa,
pofika Lachinayi mphutsi zikuwira ngati thobwa logonera.
Ka kuphiri kamangogona
ngati wodwala wodikira kuti dzina lake liitanidwe.
Nkhungu imakafunditsa.
Ntchentche za kuno ndi aganyu aulesi,
sizigwira khasu mapiko asanafunde.

Pamsika amanditcha Mayi Mphutsi.
Wogulitsa kachewere salandira ndalama m'dzanja langa,
amati ikani pathumbapo.

Mu Juni, Lachiwiri, Sajeni Kamphinda anandiimbira.
Munthu m'nkhalango, chafufumimba, nsapato imodzi.
Lufeyo, wocheka matabwa.
Nkhope inali idakali yake.
Adokotala anasuzumira, natsegula buku lomwe lija:
masiku atatu basi.

Mlongo wake Velina anandipeza kuseri kwa nyumba ya chisoni
ndikutsuka timabotolo.
Sanafunse chimene chinamupha.
Anati, mayi, ndiuzeni tsiku.
Loweruka usiku wina anagogoda kwanga katatu.
Ndinati ndi iye, waledzeranso, akufuna ya fodya.
Ndinakoka bulangete.
Kuchokera Loweruka kufika Lachiwiri,
ndawerenga pa zala mpaka zala zatopa.

Usiku umenewo ndinayala mphutsi pa rula.
Zinali zazing'ono, zonyentchera,
koma zinali zitavula kale malaya kawiri,
ndipo m'chisanu chotere mphutsi siivula mofulumira.
Ndinatsegula kope langa lothimbirira ndi mame,
m'mene ndalemba kuzizira kwa mbandakucha uliwonse,
ndinawonkhetsa tizidutswa ta kutentha
monga mayi awonkhetsa makobili a chigayo,
ka Lolemba, ka Lamulungu, kubwerera m'mbuyo,
kudutsa Loweruka lija osaima,
kudutsa Lachisanu,
mpaka sabata yapitayo.

Asanu ndi atatu. Mwina khumi.
Phiri linamusunga, ndi lomwe linanamiza buku.

Koma cholembera chinanjenjemera ndisanasaine.
Chaka chino udzudzu wafika ku Bembeke,
kumene kale ukonde unali wa nsomba zokha.
Mapichesi achita maluwa nthawi isanakwane.
Mwezi wathawu ntchentche ndinazipeza zili kale pantchito
ine ndisanamalize tiyi.
Kope langa likukalamba msanga kuposa ine.
Chisanu chimene ndikuwerengera
kodi ndi cha chaka chino, kapena cha zaka zinayi zapitazo?

Ndinawerenganso, ndikuwonjezera dzuwa
limene sindinalione koma mwina linalipo.
Asanu ndi awiri.
Loweruka linatsalabe kunja.

M'mawa ndinamupeza atakhala pa njerwa,
chitenje chili kumutu, milomo yauma.
Ndinati, pamene chitseko chanu chimalira
Lufeyo anali atagona kale masiku anayi, mwina kuposa.
Simunamutsekere kunja.

Anayang'ana kuphiri nthawi yaitali.
Nkhungu inali kutsika, kumeza mapaini umodzi umodzi.
Sanalire. Sanathokoze.
Anangopukuta manja pachitenje nati,
nanga anagogoda uja ndani?

Pa zimenezo mphutsi sizinena kanthu.
Ndinatenga chipewa ndi kope.
Ku Golomoti kankhumba kanga kanali katatsala mafupa,
ndipo wina ayenera kukalemba tsiku.